Nyengo Yakalekale ndi Nyengo ya Lero M'kalasi ya ku Kawale

Mphunzitsi wa jogalafe ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo amakhala ndi nkhani ziwiri pa mutu wa nyengo: kusintha kwa kalekale ndi kusintha kwa masiku ano. Ana akamva yoyamba amafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati nyengo yakhala ikusintha chiyambire, tikudandauliranji lero?" Funsoli n'lanzeru, ndipo limayankhika bwino nkhani ziwirizi zikaikidwa pamodzi.

Umboni wa nkhani yakale tili nawo konkuno. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, chigawo chachikulu cha kummwera kwa Africa chinakutidwa ndi madzi oundana. Atasungunuka, kunamera nkhalango za m'madambo, zomwe zinasanduka malasha okumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi. Mu 2005 akatswiri anabowola pansi pa nyanja ya Malawi. Matope amene anatulutsa anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, mpaka nyanja inaphwa kutsika mamita mazanamazana. Nthawi imeneyo kunalibe fakitale kapena galimoto. Zoyambitsa zinali za chilengedwe: kupendekeka ndi kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, kuphulika kwa mapiri, ndi kusuntha kwa makontinenti.

Nkhani ya lero ana amaiona ndi maso awo. Amadziwa mvula yochedwa kuyamba, kenako n'kugwa yamkuntho n'kudzaza mtsinje wa Mchesi kapena Lingadzi. Anamva za namondwe wa Freddy amene anapha anthu mazanamazana kummwera mu Malichi 2023. Mpweya wa kaboni mumlengalenga wakwera kuchoka pa magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanayambe, kufika pa oposa 420, makamaka chifukwa chowotcha malasha ndi mafuta komanso kudula mitengo.

Nkhani zonsezi zimagwirizana pa mfundo yakuti kutentha, mvula ndi mpweya n'zolumikizana, ndipo chimodzi chikasuntha zinazo zimatsatira. Kusiyana kuli pa liwiro ndi pa woyambitsa. Kusintha kwakale kwambiri kunkatenga zaka masauzande, zomera ndi nyama zambiri zikumapeza mpata wosamuka. Kwa lero kwachitika m'zaka zosakwana 200, ndipo dzanja la munthu lilimo.

Nkhani iliyonse payokha ili ndi polekezera. Yakale yokha ingachititse mwana kuganiza kuti palibe chochita. Ya lero yokha ingamuchititse kuloza nyengo chala pa chilichonse, n'kuiwala kuti madzi amasefukiranso chifukwa cha nyumba zomangidwa m'mbali mwa mtsinje, ngalande zotsekeka ndi zinyalala, ndi kudula mitengo ku Dzalanyama powotcha makala.

Choncho mphunzitsi ayambe ndi malasha a ku Mchenga ndi matope a m'nyanja, kenako atuluke ndi ana kukaona ngalande ya kuseri kwa sukulu. Mwana wophunzira motero amatha kusiyanitsa chimene sangachisinthe ndi chimene iye ndi anansi ake angachikonze mvula isanagwe.