Makoma Ophunzitsa a ku Voroneț

Tiyeni timuke ku Romania, dziko la mapiri ndi nkhalango ku Ulaya. Kumpoto kwake tipeza tchalitchi cha Voroneț, chimene mfumu Ștefan cel Mare adamangitsa m'chaka cha 1488. Mu 1547 amisiri adajambula mbiri za m'Malembo Oyera kunja kwa makoma ake, kuti alimi osadziwa kuwerenga aziphunzira ndi maso. Khoma lakumadzulo lionetsa Chiweruzo Chomaliza, ndipo utoto wake wonga thambo sunafwifwe kufikira lero. Koma khoma lakumpoto mphepo ndi mvula zalifafaniza kwambiri. Amonke adachotsedwako mu 1785, ndipo masisitere adadzakhalako mu 1991 kudzasamala malowo. Tikaona izi, tidzifunse: za makolo athu akusamala ndani?