N'chifukwa chiyani mphaka sayenera kukwera patebulo?

 Lero tikambirane za mphaka, mnzathu uja woyenda mwakachetechete ngati wakuba.

Anthu ndi amphaka anayamba kukhalira limodzi kalekale. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500, momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Chinawagwirizanitsa ndi makoswe. Anthu atayamba kusunga zokolola, makoswe anachuluka, amphaka n'kubwera kudzawasaka. Mpaka lero, m'nyumba yokhala ndi mphaka thumba la ufa silibooledwa wamba.

Nanga amakwereranji patebulo? Mphuno yake imamva fungo kuposa yathu. Amayi akangophula kapenta pamoto, iye wamva kale ali panja. Komanso mphaka amakonda malo okwera, chifukwa ali pamwamba amaona zonse ndipo galu samufikira. Miyendo yake yakumbuyo ndi yamphamvu moti amatha kulumpha msinkhu wake kasanu. Choncho si mwano ayi, ndi chibadwa chake.

Vuto lili kumapazi. Tsiku lina mudzamuonetsetse akafuna kudzithandiza. Amakumba kadzenje m'dothi, akatha n'kukwirira ndi mapazi akutsogolo, kenako n'kununkhiza kuti aone ngati zabisika. Akachoka pamenepo amadutsa kudzala ndi m'ngalande za madzi oipa. Mapazi omwewo ndi amene amaponda pamene amayi amadulira tomato ndi masamba. Mukamuona akudzinyambita musaganize kuti wayera. Lilime lake limachotsa fumbi, koma silipha tizilombo.

Kachilombo kena kotchedwa Toxoplasma gondii, komwe asayansi anakatulukira m'chaka cha 1908, kamalowa mwa mphaka akadya khoswe, mbalame kapena nyama yaiwisi. Timazira take timatuluka ndi chimbudzi cha mphakayo, ndipo n'tating'ono kosaoneka ndi maso. Anthu ambiri kakawalowa sadwala kwenikweni, koma n'koopsa kwa mwana amene ali m'mimba. N'chifukwa chake mayi woyembekezera sayenera kuwola chimbudzi cha mphaka. Palinso tizilombo ta Salmonella tomwe timatsegula m'mimba.

Musaiwalenso madzi. Mipope ikauma, monga zimachitikira kawirikawiri kuno ku Chitungwiza, timatunga madzi kumjigo n'kusunga m'zidebe. Chidebe chikakhala chosavundikira, mphaka waludzu amapisamo mutu, nthawi zina ngakhale phazi. Makolo anu akukumbukira mliri wa kolera umene unayambira mu Chitungwiza muno mu Ogasiti 2008, n'kupha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe. Kolera sabwera ndi mphaka, amabwera ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi cha munthu. Koma chizolowezi chovundikira ndi kusamba m'manja chimatiteteza ku matenda onsewa.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, musamusiyire mphaka nyambo. Vundikirani ndiwo, nsima ndi madzi akumwa, ndipo tsukani mbale mukangotha kudya. Patebulo popanda fungo la nsomba, mphaka sapezapo chomukopa. Musanayambe kukonza chakudya, pukutani patebulo ndi nsalu yoviika m'madzi a sopo.

Chachiwiri, mupatseni mbale yakeyake, pansi, kutali ndi pophikira, ndipo muzimudyetsa nthawi yofanana tsiku lililonse. Musamuponyere nthongo ya nsima muli pakudya, chifukwa mawa adzabwera yekha kudzatenga. Ndiwo za anyezi ndi adyo musamupatse, zimamudwalitsa.

Chachitatu, mupezereni malo ake okwera, monga kampando pafupi ndi zenera. Akalumphira patebulo, munyamuleni bwinobwino n'kumutsitsa, nthawi iliyonse, osatopa. Musamumenye ndi mthiko kapena tsache. Mphaka womenyedwa amangophunzira kukuopani, n'kumakwera inu mukatuluka. Yambani kumuphunzitsa akadali kamwana, paja m'mera m'poyamba.

Kumbutsaninso makolo kuti akamubayitse katemera wa chiwewe kwa dokotala wa ziweto.

Mukamaliza kusewera ndi mphaka, sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, osaiwala pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Kondani mphaka wanu, ana inu, koma patebulo pakhale pa chakudya cha anthu basi.