Mpira ndi cholembera: zimene ana a ku Washington amachita akaweruka

Maola ovuta

M'mizinda ya ku America sukulu zambiri zimaweruka cha m'ma 3 koloko masana, pomwe makolo amafika pakhomo kutada. Mwana wa banja lopeza bwino amapita kokaphunzira nyimbo kapena kusambira, makolo n'kulipira. Wa banja losauka amatsala yekha ndi msewu. Maola amenewa ndiwo mabungwe ophatikiza masewera ndi maphunziro amafuna kudzaza.

Zinayamba bwanji?

Mu 1994, Julie Kennedy, mphunzitsi wa pasukulu ya Marie Reed mumzinda wa Washington, anaona kuti atsikana a pasukulupo akusowa chochita akaweruka. Anawasonkhanitsa n'kuyamba kuwaphunzitsa mpira wamiyendo. Kuzizira kutafika poti panja sipaseweredwa, sanabalalitse timuyo. Analowa nayo m'kalasi n'kuyamba kulemba nayo ndakatulo. Umu ndi mmene linabadwira bungwe la DC SCORES, lomwe pambuyo pake linafalikira kumizinda ina pansi pa dzina la America SCORES.

Sabata imayenda motani?

Masiku ena ndi a pabwalo, ena ndi a cholembera ndi kope, ndipo pali tsiku lokakumana ndi timu ya sukulu ina. Makochi ambiri ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo. Mwana salipira kanthu.

Nanga ndakatulo zikulowapo bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwana amene amachita chibwibwi powerenga m'kalasi amaopa kusekedwa, ndiye amangokhala duu kumbuyo. Koma m'chipinda cholembera ndakatulo amene wakhala naye pafupi ndi mnzake yemwe anamupatsira mpira dzulo, winayo ndi goloboyi amene anagwa naye m'matope. Manyazi amachepa. Pakutha pa nyengo yolemba ndakatulo timu yonse imakwera pansanja kukalakatula zimene yalemba yokha, makolo akuombera m'manja ngati chigoli chalowa. Ine ndimaona kuti mpirawo umaitana mwana, koma chomusunga ndi anzakewo. Akajomba tsiku lolemba, amadziwa kuti wakhumudwitsa timu, osati mphunzitsi yekha.

Kwina amachita mosiyana

Ku Boston, Greg Zaff anayambitsa SquashBusters mu 1996. Kumeneko ana amasewera squash, ndipo nthawi ina amakhala ndi owathandiza homuweki ndi kuwakonzekeretsa zopita ku koleji. Amayenda nawo zaka zingapo mpaka amalize sekondale, ndipo zimenezi zimadya ndalama zambiri, zomwe mabungwe otere amazipeza kwakukulukulu kwa anthu akufuna kwabwino.