Raketi ya mutu waung'ono siibwera yomalizidwa

Pa maraketi onse amene amafika pa makina anga okungira zingwe, a mutu waung'ono ndiwo amabwera ndi nkhani zambiri. Mwiniwake sangoisiya n'kumapita ayi. Amayamba wafotokoza kuti iyi ndi ya akatswiri, kuti Pete Sampras ankamenyera yotereyi, kuti akangoizolowera mpira uzidzagwa pamene diso lafuna. Pakapita milungu ingapo ena amabweranso akusisita chigongono, n'kumafunsa ngati zingwe zija ndinazikunga bwino. Zingwezo zimakhala zili bwinobwino. Chimene sanauzidwe pogula n'chakuti raketi yamtunduwu imachoka kufakitale isanathe, ndipo womaliza ndi amene aziigwira.

Kukula kwa mutu wa raketi kumayezedwa m'masikweya inchi, ndipo nambala yake mudzaipeza pakhosi pa raketi kapena m'mbali mwa felemu. Maraketi amatabwa amene Björn Borg ankamenyera anali a 65 kapena chapompo. Mu 1976 kampani ya Prince inatulutsa ya 110, nzeru za Howard Head, ndipo kuyambira pamenepo mitu inayamba kukula. Lero msika wadzaza ndi ya 98 ndi 100, moti ife tikamati mutu waung'ono timanena 95 kutsika m'munsi: 93, 90, mpaka 85 yamakedzana ija. Kampani ya Head inkalemba m'masikweya sentimita, n'chifukwa chake Prestige yake yotchuka inkadziwika ndi nambala ya 600, imene pamsika imawerengedwa ngati 93.

Mukasanjikiza ya 95 pa ya 100, kusiyana kwake m'lifupi sikukwana n'komwe sentimita imodzi. Ndiye phokoso lonseli n'lachiyani? Mpira wa tenisi ndi waukulu pafupifupi masentimita 6.7. Mukamamenya topspin, raketi siikumana ndi mpirawo mwachindunji. Imakwera kuchokera pansi n'kuupukuta kumsana, choncho mpira umadutsa mopingasa pankhope ya zingwe ndipo mpata umene wautsalira ndi wochepa kale. Pamenepo theka la sentimita ndi limene limalekanitsa mpira wabwino ndi wogunda felemu n'kukagwa kuseri kwa mpanda. Komanso mpira ukagunda pambali pang'ono, raketi imapotoka m'dzanja. Mutu wotambalala umakana kupotokako chifukwa kulemera kwa felemu kuli patali ndi pakati, pamene wopapatiza umagonja msanga. Zingwe nazonso ndi zazifupi, ndipo chingwe chachifupi sichibwezera mpira mphamvu ngati chachitali.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ogulitsa. Iwo amati mutu waung'ono umapatsa munthu ulamuliro pa mpira. Ine ndimati umangomulanda mphamvu yaulere. Kwa munthu womenya molimba, amene mipira yake imakonda kudumpha mzere wakumbuyo, kulandidwako ndi phindu, chifukwa tsopano atha kutambasula mkono wonse mpira n'kugwabe m'bwalo. Koma kumene mpira upite kumatengera kumene nkhope ya raketi yayang'ana panthawi yogunda. Ngati mumaphonya pakati kawirikawiri, raketi yopotoka msanga ikuchotserani ulamuliro womwe mukuufunawo. Ndipo kukoma kumene anthu amamva m'dzanja akamenya bwino ndi Prestige kapena Pro Staff yakale sikuchokera kumutu kokha. Maraketi amenewa amakhala ndi felemu yopyapyala, ya mamilimita 20 kapena 21 kapenanso kucheperapo, yopindika pang'ono ikagunda mpira, komanso yolemera. Zinthuzi zinazolowera kuyendera limodzi, ndiye ulemu wonse umangopita kumutu.

Nkhani ya Sampras ndi yoona. Zikho zake zikuluzikulu 14 anazitenga ndi Wilson Pro Staff ya 85, ndipo ankakonda zopangidwa pachilumba cha St. Vincent. Chimene okamba nkhaniyi amaiwala n'chakuti raketi yakeyo inali yomatidwa mtovu wambiri mpaka kulemera kuyandikira magalamu 400, ndipo zingwe zake zinali za matumbo a ng'ombe zokungidwa kupitirira makilogalamu 30. Sinali imene inu mungagule m'sitolo. Nthawi yake inalinso ina. Mu 1997 Gustavo Kuerten anapambana French Open ndi zingwe za polyester za Luxilon, ndipo m'zaka zotsatira zingwezi zinasintha masewera onse: mipira inayamba kubwera ikuzungulira kwambiri, n'kumadumpha mpaka paphewa. Rafael Nadal anachita zonse anachitazo ndi Babolat ya 100. Roger Federer anatenga zikho zikuluzikulu 17 ndi mutu wa 90, koma mu 2014 anasamukira ku 97, ndipo mu 2017 anagonjetsa Nadal mu fainali ya Australian Open akumenya backhand molimba mtima kuposa kale. Munthu wamaso ndi miyendo ngati Federer anaona kuti akufunika mpata wowonjezera. Ichi chokha chizikuchititsani kudzifunsa kawiri.

Komabe alipo amene mutu waung'ono umawayenera, ndipo ndikawaona ndimasangalala. Ndi aja omenya mpira wowongoka wosazungulira kwambiri, okonda slice ndi kuthamangira kuneti, ambiri a iwo a backhand ya dzanja limodzi, amene amakhala atabweza kale raketi m'mbuyo mpira usanadumphe. Kwa iwowa mutu wopapatiza umadula mphepo mosavuta ndipo umatembenuka msanga pa volley. Kuti mudziwe ngati muli m'gululi simufunika kufunsa aliyense. Pakani inki pankhope yonse ya zingwe za raketi imene muli nayo, musewere masiku angapo, kenako muone pamene inkiyo yafufutika. Ngati ndi kamalo kamodzi pakati, kapena kumtunda pang'ono kwa pakati, 95 muikwanitsa. Ngati yafufutika paliponse mpaka m'mphepete, khalani pa 100. Poyesa raketi yobwereka musakhulupirire mphindi zoyamba, pamene mnzanu akukuponyerani mipira yaulemu. Iyeseni mu seti yachitatu, miyendo italemera, ndi munthu wokuposani.

Kuno kwathu pali chinthu chimodzi chimene chimaikira kumbuyo raketi yopanda mphamvu yaulere. Lilongwe ndi Blantyre ndi mizinda ya pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, Johannesburg ndiye mpaka pafupifupi 1,750. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umauluka kwambiri. N'chifukwa chake malamulo a bungwe la ITF amalola mpira wapadera pamalo opitirira mamita 1,219. Koma tilinso ndi chizolowezi chimene chimabweza phindu lonselo: timasewera mpira mpaka utatha ubweya ndi mpweya womwe. Mpira wakufa pa mutu wa 93 umafuna kuti phewa lanu ligwire ntchito ya zingwe.

Ambiri timapeza maraketi ogwiritsidwapo kale ntchito, pakaunjika kapena kwa abale obwera kuchokera ku South Africa ndi ku Britain, ndipo mitu ing'onoing'ono yakale imapezeka kwambiri m'njira imeneyi chifukwa eni ake anaitaya. Yang'anani ming'alu pakhosi ndi m'mapewa a mutu. Yang'aninso timapulasitiki todutsamo zingwe, timene timatcha ma grommet: tikasweka, felemu imadula chingwe, ndipo ta maraketi akale sitipezeka wamba. Amene akufuna yatsopano, Yonex VCORE 95 ndi Dunlop CX 200 Tour ndi zina mwa zodziwika. Zamakonozi zimapepuka dala, magalamu 310 kapena kupitirira pang'ono zisanaikidwe zingwe, kuti mwiniwake awonjezere yekha.

Musanamate kalikonse, yezani. Sikelo yakukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi ndi yokwanira. Kenako goneketsani raketi m'mphepete mwa tebulo, muikankhe pang'onopang'ono mpaka itafuna kugwa, n'kuyeza kuchokera kumatako a chogwirira kufika pamenepo. Raketi yokhala ndi zingwe ya mtunduwu imakhala pafupi ndi masentimita 32. Lembani manambala awiriwa penapake. Munthu wosalemba amamata n'kumatula miyezi yambiri osadziwa pamene anayambira.

Ine ndimayamba ndi chogwirira. Masaizi ake amayambira L0 mpaka L5. Mukagwira bwino, chala cholozera cha dzanja linalo chizilowa pakati pa nsonga za zala ndi chikhatho. Mukakayika sankhani chaching'ono, poti kukulitsa n'kosavuta: overgrip imodzi imawonjezera pang'ono, ndi magalamu 5 kapena 6. Ambiri okonda mitu ing'onoing'ono amachotsa giripi yofewa n'kukulunga yachikopa. Imathandiza kuti dzanja lizimva ngodya za chogwirira, ndipo imawonjezera magalamu pafupifupi 10 kumunsi, kumene tidzawafune posachedwapa.

Kenako zingwe, ndipo apa ndi pamene zigongono zambiri zimapwetekera. Ng'oma yaing'ono ndi yaikulu mukazikunga mofanana, yaing'onoyo imalira mouma. N'chimodzimodzi ndi raketi: makilogalamu 25 amene ankakoma pa 100 amauma gwa pa 93. Tsitsani kilogalamu imodzi kapena awiri pa zimene munazolowera. Ngati raketi ili ndi zingwe zothithikana, 18 zoimirira ndi 20 zopingasa, tsitsaninso, ndipo sankhani chingwe chowonda, cha mamilimita 1.20 kapena 1.25, poti m'zingwe zothithikana sichiduka msanga. Ya 16 ndi 19 imakweza mpira pang'ono ndipo imakhululuka, choncho kwa woyamba kumene mutu waung'ono ndimalangiza imeneyi. Polyester yokhayokha pa mutu wa 93 ndimaikunga pakati pa makilogalamu 20 ndi 22, ndipo wofuna 26 ndimayamba ndakambirana naye. Federer ankaika matumbo a ng'ombe m'zoimirira ndi polyester m'zopingasa. Matumbowo ndi okwera mtengo ndipo sagwirizana ndi chinyezi cha m'dzinja, koma multifilament imagwira ntchito yofananako pamtengo wofikirika. Dziwaninso kuti polyester imafa isanaduke. Ikasiya kubwerera m'malo mwake mukamenya, yatha, ngakhale ikuoneka yatsopano. Ndipo raketi siisiyidwa m'buti ya galimoto mu Okutobala.

(Kalabala kaja mumaika m'munsi mwa zingwe kamangosintha kaliridwe. Chigongono sikateteza.)

Mtovu umabwera pomaliza, mutasewera kale ndi zingwe zatsopanozo. Ndi tepi yomata imene timadula ndi sizasi, ndipo malo oimata timawatchula ngati mawerengedwe a wotchi, raketi itaimirira mutu uli m'mwamba. Pa 3 koloko ndi 9 koloko ndi pamene mutu waung'ono umafuna thandizo, chifukwa kulemera kwa m'mbali ndi kumene kumaletsa kupotoka kuja. Tepi yopapatiza ya mamilimita 6 imalemera pafupifupi galamu imodzi pa masentimita 10 alionse, ngakhale ndi bwino kuiyeza poti matepi amasiyana. Dulani zidutswa zinayi zotero, ziwiri mbali iliyonse, mumate mkati mwa felemu uku ndi uku kwa zingwe. Magalamu anayi amenewo amamveka kuposa mmene mungaganizire.

Chifukwa chake ndi chinthu chimene timatcha swingweight, kulemera kumene mkono umamva poikupiza raketi, kosiyana ndi kwa pasikelo. Galamu ikakhala patali ndi dzanja, mphamvu yake imakula mofulumira kwambiri. Imodzi yomatidwa pa 12 koloko imakweza swingweight ndi mapointi oposa 3, pa 3 ndi 9 koloko ndi pafupifupi 2, pamene m'chogwirira siisintha pafupifupi kanthu. Maraketi ambiri okhala ndi zingwe ali pakati pa 315 ndi 330. Wofuna mpira wolemera, wokankha mdani kumbuyo, amata pa 12, koma galamu imodzi kapena awiri basi. Kupitirira 340 ndi dziko la anthu ochita masewera olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku. Mukaona kuti sevu yayamba kuchedwa, kapena forehand ikugunda mpira utafika kale pambali panu, matulani chidutswa. Mutu ukalemera kwambiri, bwezerani kumunsi: chikopa chija, kapena mtovu pansi pa giripi, kapena phula lomata loikidwa m'kati mwa chogwirira kudzera pa kachitseko ka kumatako, lotsekeredwa ndi thonje kuti lisayendeyende. Mtovu ndi poizoni, choncho sambani m'manja mukatha ndipo zotsala musazisiye pofika ana. Ilipo tepi ya tungsten kwa amene sakufuna kuukhudza n'komwe, kungoti ndi yodula.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, musewere nacho kangapo musanakhudze china. Ndipo pali malire. Mtovu umaletsa kupotoka, koma sukulitsa nkhope ya zingwe. Ngati mwawonjezera magalamu 15 ndipo mpira ukugundabe felemu, raketi imene mukufuna ndi ya 98 yafelemu yopyapyala, imene imapereka kukoma kofananako popanda chilango chonsecho.

Amene mwaganiza zokhala ndi ziwiri zofanana, musadalire kuti dzina ndi utoto zikafanana ndiye kuti zonse zafanana. Maraketi awiri ochokera m'bokosi limodzi amatha kusiyana ndi magalamu angapo, komanso pamene kulemerako kwakhala. Ziyezeni zonse zili ndi zingwe ndi giripi zofanana, ndipo yopepukayo ndi imene muikweze kuti ifike pa inzake, chifukwa pa felemu kulemera timawonjezera, sitichotsa.