Zisudzo, Nyimbo ndi Magule m'Tsinde mwa Mapiri a Zomba ndi Mulanje

Pamene mukuwerenga sewero pokonzekera mayeso a MSCE, kumbukirani kuti mlembi analilemba ali ndi bwalo m'maganizo. Pabwalopo pamakhala ochita sewero, anthu oonera, ng'oma ndi nyimbo. Ophunzira ambiri amataya malikisi chifukwa amayankha funso la zisudzo ngati funso la nkhani yaifupi. Iwo amangofotokoza tsatanetsatane wa nkhani, osatchulapo zimene oonera akanaona ndi maso kapena kumva ndi makutu. Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyeni tione zimene zakhala zikuchitika m'mabwalo a ku Zomba ndi ku Mulanje.

Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975. M'chaka cha 1973 sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College, imene lero ikutchedwa University of Malawi, inasamukira mumzindawu kuchokera ku Blantyre, ndipo inabwera ndi gulu lake la zisudzo lotchedwa Travelling Theatre. Poyamba gululi linkachita masewero a m'Chingerezi, makamaka m'sukulu za sekondale. Ena mwa masewero a nthawiyo ankakamba za makolo athu, monga The Rainmaker la Steve Chimombo, lonena za Mbona, limene linasindikizidwa mu 1978. Komabe mayi wogulitsa nsomba za ku Chilwa mumsika wa Zomba sakanatolapo kanthu, poti chiyankhulo chake chinali chachilendo.

Zinthu zinasintha kuyambira 1981, pamene ophunzira ndi aphunzitsi awo, monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, anayamba kuchita masewero m'Chichewa. Masewerowa sankalembedwa liwu ndi liwu. Gulu linkagwirizana za mutu wa nkhani, ampangankhani ndi ndondomeko ya zochitika, ndipo mawu enieni aliyense ankawapeka pabwalo pomwepo. Njirayi inali ndi phindu lina. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe lavomerezedwa ndi bungwe la Censorship Board lisanaonetsedwe kwa anthu. Bungwelo linkatha kufufuta mawu olembedwa, koma silikanatha kufufuta kayendedwe ka munthu, katsokomoledwe kake, kapena mwambi woponyedwa pa nthawi yake. Sewero likamadzudzula nyakwawa yaumbombo, oonera ankatha kuganizira okha za anthu ena akuluakulu kuposa nyakwawa. Musaone ngati zinali zamasewera chabe. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa pakolejipo, anatsekeredwa m'ndende mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu ndipo anatuluka mu 1991. Tsono mukapeza zining'a, mikuluwiko ndi ziphiphiritso m'zolemba za nthawi ya chipani chimodzi, dzifunseni kuti mlembi ankabisa chiyani, nanga ankabisira yani.

Cha m'ma 1985 gulu lomweli linayamba kuchita masewero a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde. Ochita sewero ankayamba acheza ndi eni mudzi kuti amve mavuto awo, monga a madzi akumwa ndi zimbudzi. Kenaka ankapanga sewero pogwiritsa ntchito nyimbo za m'deralo. Nkhani ikafika pachimake, mpangankhani ankatembenukira kwa oonera n'kuwafunsa chochita, ndipo mkangano wa m'sewero unkasanduka zokambirana za mudzi wonse. Izi si zachilendo kwa inu. Pa nthano omvera amavomera, ndipo pa gule wina amayambitsa nyimbo ena n'kumavomera uku akuomba m'manja. Pabwalo la kwathu kuno woonera sakhala duu ayi.

Tikapita ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, tikupeza tchopa, gule wa Alhomwe. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, anthu akhala akuliona ngati malo a mizimu, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Tchopa naye amakhudza mizimu. Ankavinidwa popereka nsembe kukagwa chilala kapena mliri, komanso pothokoza anthu akakolola bwino kapena alenje akabwerako ndi nyama. UNESCO inazindikira guleyu mu 2014.

Onetsetsani kavalidwe ka ovina tchopa. Ena amabereka kumsana mtolo wokhala ndi zida zaulimi, zikopa za nyama, zidole, zida zauzimba ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Ng'oma zimakhala zitatu zosiyana kukula, ndipo amuna ndi akazi amavina mozungulira. Mtolowo si katundu wamba. Munthu wabereka moyo wonse wa pamudzi: munda, tchire ndi pamoto. Apa nkhani yafotokozedwa popanda mpangankhani kutsegula pakamwa. Umu ndi mmene muyenera kuonera malangizo amene mlembi wa sewero amaika m'mabulaketi, onena za zovala ndi zimene mpangankhani wanyamula. Ophunzira ambiri amawalumpha powerenga, chonsecho m'menemo ndi mmene mumabisala khalidwe la mpangankhani. Mkulu wolowa pabwalo atanyamula litchowa ndi wosiyana ndi mkulu wolowa atanyamula chikwama cha mapepala, ngakhale onse asanayankhule.

Masiku ano ambiri amaonera tchopa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, umene umachitikira kwa Chonde m'boma la Mulanje m'mwezi wa Okutobala kuyambira 2008. Kumeneko ovina amalowa m'bwalo motsatira ndondomeko ya tsikulo, pamaso pa mafumu, alendo ndi andale, mawu akumveka pa zimkuzamawu. Ng'oma ndi zomwe zija, mapazi akuponda chimodzimodzi, koma wovina pa nthawi ya chilala ankapempha mvula, pamene wovina kwa Chonde akuonetsa mtundu wake. Ena amati guleyu wachepa mphamvu potero. Ife tikuona kuti mwambowu wachititsa achinyamata ambiri kufuna kuphunzira tchopa, ngakhale n'zoona kuti mphindi zochepa pamaso pa alendo sizingafanane ndi tsiku la nsembe. Kwa inu olemba mayeso, ichi ndi chitsanzo chabwino cha mmene malo ndi nthawi zimasinthira tanthauzo la zochitika.

Tsopano tengani sewero limene mukuphunzira m'kalasi. Sankhani gawo limodzi lokhala ndi nyimbo kapena gule, ndipo mulembe ndime imodzi yofotokoza yemwe akuimba, amene akumuimbira, ndi zimene zikanasowa m'nkhaniyo nyimboyo ikanachotsedwa. Mfundo iliyonse muitsimikize ndi chitsanzo cha m'buku.