Ulere ndi Ufulu: Kodi Kiyi wa Makalata Athu Akusunga Ndani?



Palibe banja pakati pathu limene silinatumizepo chikalata chofunika kudzera pa foni. Chithunzi cha pasipoti chimachoka ku Nairobi kupita ku Lilongwe, kalata ya dokotala imachoka ku Zomba kubwera kwa mwana amene akulipira mankhwala ali kuno, ndipo manambala a kubanki ndi zikalata za malo zimayenda usana ndi usiku. Ife amene timagwira ntchito yosamalira anthu timaona zolemera kuposa pamenepa: mayi wothawa nkhanza za m'banja amene sakufuna kuti mwamuna wake adziwe kumene wagona, kapena mnyamata amene wauza mlongo wake yekha zotsatira za kuyezetsa magazi. Chinsinsi chotere chikaululika, munthu angathe kuchotsedwa ntchito, kusalidwa, ngakhale kuvulazidwa kumene.

Mapulogalamu obisa uthenga alipo, ndipo ambiri salira ndalama. Chovuta n'kudziwa woyenera kumukhulupirira. Pa funso limeneli tingathandizidwe ndi mkangano wakalekale wa akatswiri a makompyuta, wokhudza dzina loyenera kutchulira mapulogalamu awo.

Kubisa uthenga n'kutani?

Makolo athu ali ku migodi ya ku Joni ankapatsira kalata munthu wopita kumudzi, ndipo chitetezo chake chinali kumata envelopu ndi kudalira ulemu wa mtengakalatayo. Uthenga wa SMS uli ngati kalata yosamata: umadutsa m'makina a kampani ya mafoni uli wowerengeka. Pulogalamu yobisa uthenga imasandutsa mawu kukhala zilembo zopanda tanthauzo, zimene zimabwerera m'chimake pokhapokha pakhale kiyi wake.

Mu 1976, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman a ku America adafalitsa nzeru imene njira zambiri za lero zidatsamirapo. Tiyerekeze kuti aliyense wa ife ali ndi maloko ambiri ofanana koma kiyi mmodzi yekha. Malokowo timagawira aliyense wofuna kutilembera, pamene kiyi sachoka m'thumba mwathu. Wotilembera amaika kalata m'bokosi n'kutseka ndi loko wathu, ndipo palibe wina aliyense panjira amene angatsegule.

Phil Zimmermann adapereka nzeruyi kwa anthu wamba mu 1991 kudzera mu pulogalamu ya PGP. Boma la America lidamufufuza kwa zaka zitatu chifukwa malamulo a nthawi imeneyo ankaika mapulogalamu otere m'gulu la zida zankhondo, koma mu 1996 nkhaniyo idatsekedwa popanda kumuimba mlandu. Mu 1997, Werner Koch wa ku Germany adayamba GnuPG, yogwira ntchito yomweyo koma yololedwa kwa aliyense kuiunika ndi kuisintha.

Mkangano wa maina

Mu 1983 Richard Stallman adayambitsa ntchito ya GNU, ndipo mu 1985 adakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation. Iye amaphunzitsa kuti wogwiritsa ntchito pulogalamu ayenera kukhala ndi ufulu wa mitundu inayi: kuigwiritsa ntchito m'mene afunira, kuwerenga malangizo a m'kati mwake ndi kuwasintha, kugawira ena, ndiponso kugawa zimene wasinthazo. Vuto lidali pa liwu la Chingerezi lakuti free, limene limatanthauza zinthu ziwiri: chinthu chosalipira, ndi chinthu chosamangidwa.

Mu 1998 Christine Peterson adapereka dzina lina, lakuti open source, ndipo chaka chomwecho Eric Raymond ndi Bruce Perens adakhazikitsa bungwe la Open Source Initiative. Iwowa ankafuna dzina losaopseza amalonda, lotsindika kuti pulogalamu imene anthu ambiri akuiunika imakhala yolimba. Stallman adakana, nati dzinalo likubisa nkhani ya ufulu. Palinso mkangano wachiwiri. Mu 1991 Linus Torvalds adalemba Linux, gawo limene ntchito ya GNU inali isanamalize. Anthu ambiri amatchula zonse pamodzi kuti Linux, pamene Stallman ndi anzake amaumirira pa dzina lakuti GNU/Linux kuti amene adayamba ntchitoyo asaiwalike. Ofuna kuyanjanitsa mbali zonse adapanga zidule monga FOSS ndi FLOSS.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi, pakuti chinenero chathu chidalekanitsa kale zimene Chingerezi chidasakaniza. Ulere ndi wina, ufulu ndi wina. Anansi athu a Chiswahili nawonso amati bure akamanena za chosalipira, ndipo amati huru akamanena za chomasuka. Mwana wa sukulu ya pulaimale amadziwa kuti phala la kusukulu ndi laulere, ndipo sangalisokoneze ndi ufulu umene dziko lathu lidalandira mu 1964.

Zimene Nairobi yatiphunzitsa

Mzinda umene tikukhalawu waona mbali zonse ziwiri. Mu 2006 kuno kudachitika msonkhano wachiwiri wa Idlelo, wa anthu a mu Afirika olimbikitsa mapulogalamu a ufulu. Dzinali ndi la kum'mwera kwa Afirika ndipo limatanthauza busa la mudzi wonse, kumene aliyense amadyetsako ziweto. Kumayambiriro kwa 2008, zipolowe zotsatira chisankho cha mu Disembala 2007 zili m'kati, Ory Okolloh, Erik Hersman, Juliana Rotich ndi David Kobia adapanga Ushahidi, kutanthauza umboni, kuti anthu azitumiza malipoti a zimene akuona n'kuwaika pa mapu. Popeza pulogalamuyo idatsegulidwa kwa onse, anthu ena adaitenga n'kuigwiritsa ntchito pa chivomerezi cha ku Haiti mu 2010. Umenewo ndiwo ufulu.

Za ulere tidaziona mu 2023, pamene anthu adandanda pa KICC kuti makina a Worldcoin awajambule maso posinthana ndi ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi mashilingi 7,000. Boma la Kenya lidaimitsa ntchitoyo mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mu 2025 Khoti Lalikulu lidalamula kuti zimene zidatoledwazo zifufutidwe. Sitikunyoza amene adaima pa mzerewo, pakuti njala tonse timaidziwa. Tikungonena kuti pamene sitikulipira ndalama, tiyenera kufunsa chimene tikupereka m'malo mwake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Malamulo alipo. Kenya idakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu mu 2019, ndipo Malawi ili ndi lake la mu 2024. Koma lamulo limalanga zinthu zitaonongeka kale, pamene loko amateteza zisanaonongeke.

Zoyenera kuchita pabanja

Choyamba, tisiyanitse mapulogalamu amene tili nawo. WhatsApp ndi yaulere, ndipo kuyambira mu Epulo 2016 imabisa mauthenga kuchokera pa foni ya wotumiza mpaka pa foni ya wolandira, pogwiritsa ntchito njira yopangidwa ndi eni Signal. Koma malangizo a m'kati mwake ndi a kampani ya Meta yokha, ndipo kampaniyo imasunga zina zokhudza ife, monga manambala ndi m'mene timaigwiritsira ntchito. Signal ndi yaulere komanso yaufulu: akatswiri a kulikonse angathe kuiunika, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu. Telegram sibisa mwa njira imeneyi macheza wamba ndi a m'magulu, kupatula macheza a anthu awiri amene asankha okha kuti akhale achinsinsi. Nkhani za matenda, za milandu ndi za nkhanza tiziyendetse pa Signal ngati n'kotheka, ndipo tisaziike pa SMS kapena pa gulu la banja lonse.

Chachiwiri, titseke foni yeniyeniyo. Mafoni ambiri a masiku ano amabisa zonse za m'kati mwake, koma chitetezocho chimadalira nambala yotsegulira. Foni yosakhoma ikaiwalika mu matatu, wotola amawerenga zonse. Chaka chobadwa si nambala yabwino.

Chachitatu, nambala ya madijiti 6 imene WhatsApp imatumiza pa SMS tisauze munthu aliyense, ngakhale amene akulemba ngati m'bale wathu, chifukwa ndi imene akuba amalandira nayo akaunti n'kuyamba kupempha ndalama m'dzina lathu. Tiikenso nambala yachiwiri yotsimikizira, imene pulogalamuyi imalola. Amene amasunga macheza awo ku Google kapena ku iCloud adziwe kuti kuyambira mu 2021 n'zotheka kubisanso zosungidwazo, koma munthu ayenera kuona yekha ngati watsegula njirayo pa foni yake.

Chachinayi, zikalata. Pulogalamu yaufulu ya 7-Zip imaika mafailo m'phukusi limodzi lotsekedwa ndi njira yolimba ya AES-256, ndipo VeraCrypt imatseka fulashi yonse. Mawu achinsinsi akhale aatali: mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a Chichewa osagwirizana ndi olimba kuposa dzina la mwana. Phukusi likapita pa imelo, mawu achinsinsi apite njira ina, monga kuimba foni. Tikasindikiza chikalata ku cyber, tichifufute pa kompyutayo ndi kutseka akaunti zathu tisanadzuke pampando.

Chachisanu, tikumbukire kuti loko wabwino sadziwa mwini wake. Mawu achinsinsi akatayika, palibe ofesi imene ingatsegule phukusilo. Mabanja ena avutika pa nthawi ya maliro chifukwa zikalata zofunika potumiza thupi kumudzi zinali m'foni imene palibe ankadziwa kutsegula kwake. Tilembe mawuwo papepala, timate mu envelopu, ndipo tisungitse kwa munthu mmodzi wodalirika.

Malire a loko

Palibe pulogalamu imene ingaletse wolandira uthenga kuujambula n'kuutumiza kwina. Palibenso imene ingateteze mayi amene mwamuna wake amamukakamiza kutsegula foni usiku uliwonse. Mayi wotere afunika foni ina yosungidwa kwa mnansi, ndiponso anthu omuthandiza kupeza malo otetezeka. M'magulu athu a mpingo ndi a chithandizo cha maliro tigwirizane kuti matenda a munthu salengezedwa popanda chilolezo chake, ngakhale cholinga chikhale chomupempherera kapena kumusonkhera ndalama.

Akatswiri adzapitiriza kukangana ngati dzina loyenera ndi Linux kapena GNU/Linux, ndipo ife sitiyenera kudikira kuti agwirizane. Chimene tingatengepo ndi mafunso awiri ofunsa pulogalamu iliyonse tisanaipatse zinsinsi za banja: kodi kiyi akusunga ndani, nanga kodi anthu ena osakhala eni ake amaloledwa kuunika loko wake? Tikupempha achinyamata athu odziwa makompyuta kuti pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu akhale pansi ndi makolo, foni ili m'manja, ndi kuwathandiza kukhoma mafoni awo mmodzimmodzi. Wopita kutchuthi kumudzi akachitenso chimodzimodzi ndi foni ya agogo, pakuti kalata imatetezeka pokhapokha mbali zonse ziwiri zikhale zokhoma.