Wopereka Ndani, Wolandira Ndani? Za Masamu a Magetsi a M'batire

Mlimi wa fodya wa kumidzi yoyandikana ndi Lifupa ku Kasungu akamapita kukayendera chigafa usiku, amanyamula tochi. Mphamvu yakuunika nayo imachokera m'batire, m'mene chitsulo chimodzi chimapereka tinthu tosaoneka totchedwa maelekitironi, ndipo china chimalandira. Inu aphunzitsi a mawa, gwiritsitsani mawu awiriwa, wopereka ndi wolandira, pakuti ndiwo mfungulo ya mafunso otere pa mayeso a MSCE.

Tiyambe ndi batire imene John Daniell anapanga ku London m'chaka cha 1836. Muli zinki, chitsulo chija chimene amakutira nacho malata, ndi mkuwa. M'mabuku mphamvu ya zinki yalembedwa −0.76 volts, ya mkuwa +0.34 volts. Chitsulo cha nambala yotsika ndicho chopereka. Chotero zinki apereka, mkuwa ulandira. Lamulo lake ndi ili: tengani nambala ya wolandira, muchotsepo ya wopereka. Motero 0.34 − (−0.76) = 1.10 volts.

Apa ndi pamene ana ambiri amapunthwa, nalemba 0.42. Alakwa masamu chabe. Auzeni kuti munthu amene ali ndi ngongole ya makwacha 76 ndi mnzake amene ali ndi makwacha 34 m'thumba asiyana ndi makwacha 110, osati 42 ayi.

Tsono titembenuze ntchitoyo. Tikalowetsa magetsi m'madzi osungunuliramo mchere wa mkuwa, mkuwawo umamatirira pa chitsulo cholandira. Umu ndi mmene amayeretsera mkuwa ku migodi ya ku Zambia. Malamulo ake anawapeza Michael Faraday m'zaka za 1833 ndi 1834. Mulu umodzi wa maelekitironi, umene ophunzira amautcha mole, umanyamula ma coulombs pafupifupi 96,500.

Funso lingati: magetsi a 5 amps ayenda mphindi 32 ndi masekondi 10, mkuwa womatirira ulemera bwanji? Poyamba sandutsani nthawi ikhale masekondi, ndiwo 1,930. Chulukitsani ndi 5, mupeza 9,650. Gawani ndi 96,500, mupeza 0.1 ya mulu. Musafulumire apa. Kanthu kalikonse ka mkuwa kamalandira maelekitironi awiri, chotero gawaninso pawiri, mupeza 0.05. Mulu wa mkuwa umalemera magalamu pafupifupi 64, ndiye kuti yankho ndi magalamu 3.2. Woiwala kugawa pawiri adzalemba 6.4, ndipo malikisi adzamthawa.

Kodi izi zikhudza bwanji mphunzitsi wa ku pulayimale? Taonani kuti ntchito yonseyi ndi kuchotsa, kuchulukitsa, kugawa ndi kusandutsa mphindi, zinthu zimene maziko ake amaikidwa m'manja mwanu. M'mera mpoyamba. Mwana akamvetsa za ngongole ndi kugawa m'chinenero cha kwawo ali wamng'ono, sadzachita mantha tsiku limene adzakumana ndi zinki ndi mkuwa papepala la mayeso.